Mkamwini Wokonda Phiri

M'mudzi wina kumtunda kwa Magaleta, munthu akakwera phiri amatsika ndi kanthu: nkhuni, udzu wofolera, kaya thumba la makala. A Fackson okha ndiwo ankakwera chimanjamanja n'kutsikanso chimanjamanja. Anthu ankawaseka. "Kodi alamu, kumwambako munabisako mkazi wina?" Iwo ankangomwetulira, uku akuthothola chisoso chomwe chakakamira pa buluku lawo.

Kwawo kunali ku Lisungwi, kuchigwa kotentha kwa malambe, ndipo kumapiri kuno anabwera ali mnyamata kudzakwatira a Dorica. Chikamwini mukuchidziwa inu. Munda ndi wa mkazi, bwalo ndi la mkazi, ngakhale nkhuku yogula wekha, pofuna kuphera mlendo umayamba wayang'ana nkhope ya apongozi. Tsiku lina apongoziwo atawakalipira chifukwa cha mizere yokhota, a Fackson anangochokapo. Anatsamiritsa khasu pankhokwe n'kulowera kuphiri la kuseri kwa mudzi. Pobwerako mtima unali utakhala pansi, ndipo chizolowezi chinayamba choncho.

Nyengo yawo inali masika, mvula itangokata, chimanga chikuuma m'munda, kamphepo ka Meyi kakuyamba kuluma makutu. Anali ndi malo awoawo. Panali kasupe wa pansi pa mkuyu, pomwe ankavula nsapato n'kuviika mapazi. Kumtunda kwake kunali kanjira kodutsa m'mitengo ya masuku, imene ankaidandaula chaka ndi chaka poona owotcha makala akuimaliza. Koma pamtima penipeni panali pathanthwe la pansonga. Ukaima pamenepo dziko lonse limagona kumapazi kwako: malata a chipatala akung'anima, minda itachita chikasu, ndipo kukacha bwino chigwa cha Lisungwi chimaoneka mbuu kutaliko. Ankachiloza n'kunena kuti, "Kwathu ndi uko," koma sankakulakalaka n'komwe.

A Dorica poyamba ankalalata kuti amuna anzawo akusema mipini, iwo ali pikitipikiti ndi miyala. Ana atakula n'kupita kutauni, a Dorica nawonso anayamba kuwatsatira kuphiriko, manachesi atamanga kunsonga ya chitenje, akudandaula mawondo njira yonse. "Inu bambo inu, mudzandiphera m'phiri muno!" Koma chaka chotsatira ndiwo ankayamba kufunsa kuti tikwera liti. Ku Mvano anzawo ankawanyogodola kuti misala ya amuna awo yawapatsira.

A Dorica anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula ngayaye. Maliro atatha, aliyense ankadziwa chotsatira. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, akuchikazi amaitana ankhoswe kuti amusudzule mwamuna, ndiko kumumasula kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. A Fackson nkhawa inawadya mpaka kuwonda. Kwawo kwake kuti? Makolo anatha kalekale, pamalo pa mayi awo anthu anamangapo magolosale. Mwana wawo Lucy ankaimba foni kuti abwere ku Blantyre, koma iwo ankati m'nyumba ya mpanda angafe msanga. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: atsale pamudzi pomwe anakalambira, pafupi ndi manda a mkazi wawo ndi phiri lawo.

Tsiku losudzula anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Woyankhula anali a Gerishon, mlongo wawo wa malemuwo, mwini mbumba, munthu wabwino mtima koma wosadziwa kukometsera mawu. Anati, "Alamu, takumasulani. Koma mwakhala nafe bwino zaka zonsezi. Ngati mukufuna, nyumba ndi iyo, khalani."

Mtima wa a Fackson unadumpha ndi chimwemwe. Komatu munthu woleredwa bwino savomera chakudya pa kuitana koyamba, nanji munda wa eni ake! Angati mkamwini uja ankangodikirira malo. Choncho anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Zikomo alamu, koma kwathu kuliko. Ndisakulemetseni."

Ndiye anadikira. Anadikira kuti wina anene kuti ayi, zimenezo sitikumva, mupita kuti ndi imvi zimenezi? Si mmene zimayendera, eti? Koma a Gerishon anangoyang'ana pansi, nkhope itagwa, n'kuti, "Tamva." Ankhoswe anawomba m'manja, amayi anayamba kutulutsa thobwa. Kalanga ine, nkhani inathera pomwepo! Mawu otuluka pamaso pa ankhoswe sabwezedwa ngati mchere wobwereka. Sabata isanathe munda unagawidwa, ndipo mwana wa mng'ono wake wa a Dorica anayamba kututira ziwiya m'nyumbamo ndi mwamuna wake.

Masiku otsalawo a Fackson anakwera phiri kukatsanzika. Udzu unali utatalika mpaka m'mapewa, ndipo anayenda pang'onopang'ono, akupuma pafupipafupi. Atafika pamwamba anakhala pansi n'kulira mokweza ngati mwana, kulira kumene anakubisa pamaliro. Zinawawawa kuti m'mudzi monse, momwe anakumba manda a anthu ambiri ndi kufolera nyumba zosawerengeka, munalibe ndi mmodzi yemwe woti awakakamize.

M'mawa wonyamuka kunabwera njinga yamoto ya kabaza. Katundu wake analipo ngati? Chikwama cha zovala, wailesi, Baibulo ndi nkhwangwa. A Gerishon anakana kuti wina amange, anamanga okha ndi chingwe cha mphira, akumasula n'kumanganso ngati sakufuna kumaliza. Kenaka anatembenukira a Fackson.

"Alamu, mwandipweteka mtima. Ine ndinalimbana ndi mbumba yonse kuti inu mukhale, mpaka onse anavomera. Inu n'kudzatikana pagulu, ngati tinkakuzunzani. Kodi tinakulakwirani chiyani?"

A Fackson anawayang'ana, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Alamu, munangondifunsa kamodzi."

A Gerishon anayasama kukamwa. Anacheukira kunyumba ija, komwe mkamwini watsopano anali atayamba kale kukhoma chitseko chake. Wakabaza, yemwe sankadziwa kanthu, analiza injini n'kufunsa ngati angathe kunyamuka.