Chikwama cha Tisa pansi pa nkhokwe

Ndinadzuka tambala asanalile, ngati kumeneko kunali kugona. Azimayi a kwaya ya ku Minga anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo kuseli kwa nyumba moto unali utayaka kale. Chikwama cha mng'ono wanga Tisa chinali pansi pa nkhokwe pomwe amalume anachiponya. Anati malilo akatha chitenthedwe. Mphekesela inali itazungulila mudzi wonse kuti ku yunivesite ku Lusaka Tisa ankaweta tizilombo m'mabotolo, ndiye tamudya. Ngakhale amama ankachilambalala chikwamacho.

Zinandiwawa kwambili. Tisa anafa ndi mtima, womwe unkamuvuta kuyambila ali mwana. Za ntchito yake anandifotokozela yekha tikusenda nshawa. Mkati mwa bakiteliya, kamodzi ka tizilomboto, muli kaulusi kotchedwa RNA, kamene kamalawa vitamini amene kachilomboko kamapanga. Vitamini akakwana amamatila pa kaulusiko, iko kamapindika, ndipo kachilomboko kamaleka kupanga wina. Akachepa kamatambasuka, ntchito n'kuyambanso. Ndinapempha amalume kuti ndikanene zimenezi kumanda, pa mbili ya malemu. Anavomela monyinyilika.

Anthu anabwela pa njinga, ena pa minibasi kuchokela ku Nyimba. Potuluka ndi bokosi kumwamba kunali kutada kale. Atangolitsitsa m'manda, kunatulukila galimoto ya munthu wina wofuna ukhansala, ndi azimayi ovala zitenje za chipani. Tisa sankamudziwa n'komwe. Amalume anamupatsa mpata. "Mawu awili okha, bwana."

Mawu awili ake ati? Analankhula za feteleza, za mlatho, za kuipa kwa chipani chinacho. Ine ndili chiimile, ndikuganiza kuti kachilombo kosaoneka ndi maso kamadziwa polekela, koma bambo wamkulu wovala taye ayi. Kenaka mvula inakhuthuka. Adzukulu anakwilila mothamanga, anthu n'kubalalika. Mbili sinanenedwe. Ndinalila njila yonse, ndipo unali ukali wokhawokha.

Madzulo nyumba inali zii. Amama anakhala pakhomo, maso ali kunkhokwe.

"Iwe, zija unafuna kunena n'zotani?"

Ndinawauza zonse, ndikupinda chala ndi kuchitambasula monga anachitila Tisa.

"Ndiye mwana wanga ankangoyang'ana m'mene tizilomboto timakhutila?"

"Basi, amama."

Anaimilila, napita kunkhokwe mvula ikuwaza, nabwela ndi chikwama chija. Anatulutsa juzi ya Tisa, naivala.