Maulalo a Bambo Kalinde

Kuseri kwa Njuli mukafunsa za a Jeremiah Kalinde, anthu amayamba akufunsani kuti, "Kalinde wake uti?" Koma mukangoti "a maulalo aja," ngakhale mayi wogulitsa tomato amakulozerani njira.

A Kalinde sanapite kusukulu ya zomangamanga. Anakula akucheka matabwa ndi amalume awo, ndipo ulalo woyamba anaumanga chifukwa cha chibwenzi. A Nabanda, amene pano ndi akazi awo, ankakhala tsidya lina la kamtsinje ka Nachanje, ndiye dzinja likafika a Kalinde ankatulukira kumeneko thalauza itanyowa mpaka m'chiuno, azilamu n'kumaseka. Tsiku lina anagwetsa mitengo iwiri ya bulugama, n'kuigoneka pamtsinjepo, n'kukhomapo matabwa. Ukwati unachitika, ulalo unatsala, ndipo a midzi ina atauona anayamba kuwaitana. Eni mudzi amabweretsa mitengo ndi misomali, iwo amabwera ndi sowo, hamala ndi maso awo. Pa zaka makumi anayi anamanga maulalo khumi ndi anayi pa Nachanje ndi timakhwawa tothiramo, ena akumawamanganso madzi akawakokolola.

Chaka chatha, chimanga chitangokololedwa, pakhomo pawo panaima njinga yamoto. Anatsika mtsikana wina wa ku khonsolo, dzina lake Fiona Sungani, foni ili m'manja.

"Abambo, tikupanga mapu a boma lathu," anatero atapatsidwa mpando. "Mijigo, sukulu, misewu, maulalo, zonse tikuika pa intaneti kuti aliyense aziona, kaya ndi woyendetsa ambulansi, kaya wakabaza. Andiuza kuti za maulalo a kuno ndifunse inu."

"Mwalembapo angati?"

"Atatu, a simenti aja."

A Kalinde anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanangu, valani chipewa. Tiyenda."

Anayenda masiku awiri. Pa ulalo uliwonse Fiona ankaima pakati, kudina foni kuti isunge malowo, kujambula chithunzi, kenako kufunsa. A Kalinde ankayankha ngati akunena za ana awo. Uwu ndi wa bulugama, njinga yamoto imadutsa koma ngolo ayi. Uwu mvula ikagwa masiku atatu madzi amaukwera. Uwu matabwa awiri akufuna kusintha.

"Nanga dzina lake?"

"Musathamange."

Fiona anaima chilili. "Sindikuthamanga, abambo."

"Ayi, ndiye dzina lakelo. Unkagwedera kalelo, tisanaike mzati pakati."

Fiona analemba uku akupukuta misozi ya kuseka. Analembanso Wazilamu, Mbuzi Zakana, ndi wina wotchedwa Bola Kuno.

Patatha mwezi anawaitana ku Boma kuti akaone ngati zonse zili m'malo mwake. A Kalinde anavala jekete la kutchalitchi, a Nabanda n'kuwaperekeza. Mu ofesimo Fiona anawakhazika patsogolo pa kompyuta. Nachanje, amene a Kalinde anamudziwa moyo wonse ndi mapazi, ankaoneka ngati ulusi wogwera pansi, ndipo pa ulusiwo panali timadontho tofiira.

"Kadontho kalikonse ndi ulalo wanu," anatero Fiona. Atakhudza kamodzi, panatuluka chithunzi ndi mawu onse aja, a njinga ndi ngolo.

"Ndiye munthu wa ku Karonga akhoza kuona zimenezi?" anafunsa a Nabanda.

"Ngakhale wa ku Joni, amayi. Ndi zaulere, ndipo woona cholakwika atha kutiuza tikonze."

A Kalinde sanamve zimenezo. Chala chawo chinali chitaima pa malo ena pomwe ulusi uja unkayenda mtunda wautali popanda kadontho. Mbali ina panali chizindikiro cha sukulu, mbali inayo nyumba zambirimbiri.

"Pakati apa bwanji palibe kanthu?"

"Ine ndimati mundiuza ndinu," anayankha Fiona.

A Kalinde anayang'anitsitsanso malowo. Chigawo chimenecho njira imapatuka kutali ndi mtsinje, motero zaka zonsezi ankangodutsa chakumtunda osaganiza kuti kumunsiko kuli anthu ofuna kuwoloka. Manyazi anawagwira pang'ono, koma pokwera minibasi yobwerera anali atayamba kale kuwerenga mitengo m'mutu.

M'mawa mwake anapita kukaona. Anapeza mayi wina, a Bibiana, akuthirira mpiru kudimba. Mayiwo anati nthawi ya chilimwe ana amadumpha pamiyala, koma dzinja likafika amazungulira ola lathunthu, ang'onoang'ono amangokhala pakhomo.

"Bwanji simunandiitane?"

"Timati inu ndi a kumtunda," anatero a Bibiana. "Komanso timamva kuti mwakalamba."

"Wanena zimenezo ndani? Kodi bulugama alipo kuno?"

Bulugama analipo. A Bibiana anamema anzawo a kumadimba, azibambo anadula mitengo, ndipo pa sabata ziwiri ulalo unatha mvula isanayambe. Woyamba kuwoloka anali a Bibiana eni ake, atasenza dengu la mpiru, akudumphadumpha pakati kuti aone ngati ugwedere. Sunagwedere. Dzina anapereka okha pomwepo: Sanakalambe.

Fiona anali atanena kuti safunika kubweranso ndi njinga, angomutumizira chithunzi ndi malo ake. Ntchito imeneyo anaitenga a Nabanda, chifukwa foni imene mwana wawo Tracy anawagulira ku Limbe amaidziwa ndi iwo. Chithunzi choyamba chinatuluka chala chokhachokha. Chachiwiri a Kalinde anatsinzina. Chachitatu n'chimene chili pa mapu lero: ulalo watsopano, matabwa ali mbee, ndi a Kalinde kumapeto kwake atagwira hamala, akuwauza akazi awo kuti asunthe pang'ono chifukwa aima pafupi kwambiri ndi madzi.