Pampu ya galimoto ya ababa

Patatha miyezi ingapo amayi atamwalira, atsibweni anasudzula ababa. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, amakhala kwa mkazi, ndipo mkazi akatisiya amamumasula kuti abwerere kwawo. Palibe amene anawathamangitsa, koma palibenso amene anawauza kuti tsalani. Ababa anakhala m'mudzi mwathu, kufupi ndi Limbuli, kuyambira ine ndisanabadwe. Nyumba, munda, ngakhale mapeyala amene anadzala okha, zonse zinali za mbumba, kutanthauza ife. Chawochawo chinali galimoto.

Inali galimoto yakale ya msana wozungulira, injini kumbuyo, yosamwa madzi, yozizira ndi mphepo basi. Ana ankaitcha kamba. Anaigula kwa bwana wina ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito ya umakaniko, ndipo inali itaima pansi pa mango zaka zitatu chifukwa nyali yobiriwira ya oyilo inkakana kuzima. Ababa anati pampu ya oyilo yatha. Anatinso kwawo ku Milonde sadzapita pa kabaza ngati thumba la chimanga, ndipo zokankhidwa ayi. Adzatuluka m'mudzi muno akuyendetsa okha.

Vuto linali manja awo, amene ankanjenjemera moti sipanala inkawapulumuka. Alongo anga ali ku Joni, ndiye ntchitoyo inagwera ine, mayi wa ana atatu wogulitsa tomato. Ndinakwiya, ndisaname. Ndikonze ndi manja anga chinthu chodzandichotsera bambo?

Tinachotsa pule, gudumu lozunguza lamba wa injini, kenako manati anayi a pampu, ine ndikumasula, iwo akulozera ndi kamtengo. Pampuyo ndi kanthu kokwana m'dzanja: magiya awiri ndi chivundikiro chachitsulo. Nditatsuka ndi parafini ndinaona kuti magiyawo anali atadya chivundikiro, nkusiya mizere yozungulira yoti chikhadabo chimakodwa. Ababa anati oyilo amathawira m'mizeremo m'malo mopita ku injini, ndipo chatsopano sitingachipeze ngakhale ku Boma. Anandituma kukatenga galasi limene amayi ankadziyang'anirapo, poti m'nyumba monse lokhalo ndi limene linali lathyathyathya. Tinayala sandipepa pamwamba pake, tinadonthezera oyilo, ine nkuyamba kukhutiza chivundikirocho mozunguliza. Ntchito ya tsiku limodzi ndinaikoka masiku atatu, ndikunamizira mkono. Ababa sanandifulumizitse.

Mizere itatha panatsala gasiketi, kapepala kokhala pakati pa pampu ndi chivundikiro. Ababa anali atanena kambirimbiri kuti iyenera kupyapyala ngati khoko la anyezi, chifukwa ikakhuthala magiya amatalikirana ndi chivundikiro, kukhutiza konse kuja nkupita pachabe. Ndinamva bwinobwino. Iwo atapita kukatsanzika anzawo a kutchalitchi, ndinadula gasiketi pa katoni ya sopo, ndinadzaza girisi m'magiya monga anandiphunzitsira, nkumanga zonse.

M'mawa mwake tinabwereka batire kuchigayo. Galimoto inalira, utsi kobo, nkhuku zimene zinkaikira pansi pake balalabalala. Injini itatentha, nyali ija inayamba kuphethira. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinachita nawo manyazi mtima umenewo. Ababa anazimitsa injini, anagwada kumbuyo movutikira, nayendetsa chala m'mbali mwa chivundikiro. Katoni ija inkaonekera. Munthu wakalambira m'mainjini sungamunamize ndi katoni ya sopo.

Sanakalipe. Anapukuta chala pa buluku, nkundiyang'ana.

"Mayi, injini iyi ikayenda chonchi ikafera panjira. Ndikatsika nkuyenda wapansi, koma kuno sindibwerera. Sankhani nokha mmene mukufuna anthu andionere."

Ndinalira pomwepo, manja ali bii ndi oyilo, ndipo iwo anandisiya ndilire. Nditatha ndinatola sipanala. Gasiketi yachiwiri ndinaidula pa tsamba la m'kope lakale, ababa akugwirizira pepala ndi chigongono poti zala zinkakana. Manati ndinamanga modumphitsa, pang'onopang'ono, kuti chivundikiro chikhale mofanana. Titailiza galimotoyo nyali inazima nthawi yomweyo. Tinaidikira itenthe mpaka dzuwa linapendeka, koma sinaphethirenso.

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Katundu wawo yense anakwana pampando wakumbuyo: chikwama cha zovala, bokosi la masipanala ndi wailesi. Galasi la amayi, lomwe linali litakandika m'mbali, ndinalikulunga m'chitenje nkuwaikira pampando wakutsogolo. Mudzi wonse unatuluka, atsibweni omwe, ndipo palibe amene anakankha. Ababa sanacheuke. Maso awo anali pa nyali ija.

Ine ndinatsala pansi pa mango, pamene udzu unasiya kumera, ndikumvetsera injini mpaka inakhotera kumsewu waukulu. Inkalira bwino kwambiri, ndipo woikonza ndinali ine.