Kokitelo ya Dzungu ya Bambo a Mwana

Sindinauzepo munthu izi: kokitelo, mowa wosakaniza umene bambo a mwana anapanga, ndinaipatsa naini pa teni, koma inali yonyansa.

Unali Okutobala, masamba akuyoyoka mu Highfields, komwe timakhala kuno kwa azungu. Iwo atamva kuti azungu amamwa za dzungu nyengo imeneyi, anaphika dzungu lomwe ndinagulira mwana ku Belgrave, n'kulipota ndi mowa wa ramu. Anathiramo ndi nsinjiro, ati kuti ikome! Linali phala lenileni m'tambula ya shampeni, moti mwana ankalilirira poyesa kuti ndi lake, ine mtima uli m'mwamba.

Alamu anga a ku Corby anali pompo, akungodikira kuseka mng'ono wawo. Bambo a mwana atafunsa kuti ndiipatsa zingati pa teni, ndinameza movutika n'kuti, "Naini."

Tsopano chaka chilichonse bambo a mwana amagula maungu awiri, n'kuitana anthu akutchalitchi kuti adzalawe. Kodi ndinachita bwino kuwateteza?