Mahatchi a ku Mangalande ndi Maso a Abambo Anga

Ndinaganiza zochoka tsiku limene lole inabwera kudzatenga hatchi yomaliza pafamu imene ndinabadwira, kufupi ndi Marondera ku Zimbabwe. Mzungu mwini famu anali atathawa kale, ndipo amene analowa m'malo mwake anatiuza kuti ife Amalawi tibwerere kwathu. Kwathu kuti? Abambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ine ndiye ku Malawi ndinali ndisanapondeko n'komwe. Hatchiyo abambo anaikweza okha m'lole akuinong'oneza kukhutu, kenako anakhala pa chidebe n'kumangoyang'ana manja awo. Madzulo omwewo ndinawauza kuti ndikupita ku London kukasaka ntchito.

Ndinkayembekeza malangizo a mowa ndi akazi. Iwo anangoti, "Iwe Lameki, mahatchi onsewa makolo awo anachokera ku Mangalande. Ukafika ukaone mmene amathamangira kumeneko, udzandiuze." Ndinavomera ndikuseka. Ndinkaona ngati andituma madzi akumwa.

Abambo anasamalira mahatchi ampikisano moyo wawo wonse. Pa tsiku la mpikisano ankakwera kumbuyo kwa lole limodzi ndi mahatchiwo kupita ku Harare, n'kubwerako akununkha thukuta la hatchi. Ife ana tinkayerekedwa nazo kusukulu, kuti abambo athu amapita kumene kumapita mabwana. Choncho ndinkadziwa, kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti ndikudziwa, chimene ankafuna: kuyerekeza mahatchi a kwa azungu ndi amene iwo anawaona akuthamanga ku Harare.

Ku London ndinafikira ku Barking, m'kachipinda kamene tinkagawana ndi mnyamata wa ku Zambia dzina lake Mabvuto. Bedi linali limodzi. Iye ankagwira usiku kunyumba yosungira okalamba, ine masana, ndiye bedilo silinkazizira. Pa miyezi yoyambayo ndinkatha mlungu wathunthu osamva munthu akutchula dzina langa molondola. Kuzizira ndinakuzolowera, koma kusapatsidwa moni m'basi kunkandiwawa mpaka tsiku limene ndinachoka.

Tsiku lina mayi wa ku ejensi imene inkatipezera maganyu anandiuza kuti kukufunika anthu kubwalo la mpikisano wa mahatchi, kutsidya lina la mzinda. Ndinathamanga kukagula khadi la foni. Abambo pa nthawiyo anali atasamukira kwa mlongo wanga Esinati ku Chitungwiza, ndipo atamva anangoti, "Ndi Mulungu ameneyo." Nanenso ndinkaganiza choncho, mpaka pamene anandionetsa malo anga antchito.

Anandiika m'khitchini ya pansi pa mipando ya owonera. Munalibe zenera ngakhale limodzi. Ntchito yanga inali kutsuka matambula a mowa, ndipo mpikisano ukayamba ndinkadziwira pansi: simenti inkanjenjemera m'mapazi, matambula n'kumagundana pa shelefu, kenako chiphokoso cha anthu pamwamba pa mutu wanga. Tsiku loyamba lomwelo ndinanyamula thireyi n'kukwera masitepe ngati ndatumidwa. Manijala anandigwira ndisanafike pakhomo. Anandiuza mwaulemu, ulemu wawo uja wobaya, kuti akundilipira kuti nditsuke matambula, ndipo amene ali panjawo alipira kuti aone mahatchi.

Lamlungu lililonse ndinkaimba foni kwathu. Esinati ndiye ankayamba, ndipo nkhani zake zinali za ufa, lendi ndi fizi ya ana. Sindimuda, zinthu kwathu zinali zitathina zedi. Abambo ankalandira foni khadi litatsala pang'ono kutha.

"Waona?"

"Ayi ababa, ndikungomva chabe. Ndimakhala kunsi."

"Ukapeze mpata," ankatero, foni n'kuduka.

Mpata unalipo, koma unali wogula. Kuti ndilowe pachipata cha kutsogolo ndinafunika kutaya shifiti ya Loweruka, kulipira sitima ziwiri, kulipira pakhomo, komanso kuvala jekete, chifukwa kumipando yabwino salowetsa munthu wa juzi. Ndikaphatikiza zonse zinkakwana chakudya cha banja la Esinati cha masabata angapo. Mwezi uliwonse ndinkati mwezi wamawa.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti pamwamba pajapo anthu ankachepa chaka ndi chaka. Ndinkadziwira matambula. Poyamba manja ankachita kutuwa ndi sopo, koma kenako masiku a m'kati mwa sabata tinkangoima n'kumapukuta zouma kale. Chiphokoso chija chinasanduka kakufuula ka anthu owerengeka. Mabwana ankadandaula kuti anthu akubetchera kunyumba pa kompyuta, ndiye iwo mankhwala ake n'kukweza mtengo wa pakhomo ndi wa mowa. Mzungu wina wokalamba amene ndinkakwera naye sitima anandiuza kuti kale ankabwera ndi ana ake onse, koma tsopano penshoni yake imangokwana iye yekha, nayenso mwa apo ndi apo. Mipando inali mbuu, nkhunda zikunyerapo, ndipo munthu amene ankafunitsitsa kuona mahatchi kuposa onse anali kunsi kwake akupukuta matambula.

Mabvuto ankandiseka. "Iwe mwana, ufuna kulipila ati ukaone mahachi? Yenda ku bookies pa kona apa, TV ni ikulu, and it's free." Ndinapitadi kushopu yobetcherako, n'kuima pakati pa amuna okwiya mapepala ali m'manja. Nditawafotokozera abambo anandidula. "Pa TV si hatchi imeneyo, ndi chithunzi. Ndinati ukaone ndi maso."

Kenako mashifiti anayamba kudulidwa. Anthu akachepa pamwamba, woyamba kuchepa ndi wa kunsi. Nthawi yomweyo Esinati anandiuza kuti abambo akufooka ndiponso maso akuwavuta. Ndinatumiza ndalama ya magalasi, poganiza kuti ndi ukalamba chabe. Koma mawu awo pa foni anali atayamba kuchepa mphamvu, ndipo ndinachita mantha kuti adzapita ndisanawayankhe funso lawo.

Loweruka lina ndinabwereka suti yakutchalitchi ya Mabvuto, manja ake ofika pakati pa mkono, n'kukalipira pachipata cha kutsogolo. Mlonda wa ku Ghana amene tinkadyera limodzi anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinakwera mpaka pamzere wapamwamba penipeni, poti malo analipo ambirimbiri. Anthu ochepa amene analipowo maso awo anali pa chi TV chachikulu ndi pa mapepala awo obetchera. Ine ndinayang'ana mahatchi. Anatulukira pokhota ali mulu umodzi, makosi atatambasuka, madothi akuuluka kumbuyo, ndipo hatchi ina yofiirira imene inali kumphepete kwenikweni inayamba kudutsa anzake mmodzimmodzi ngati enawo aima. Ndinapezeka ndaimirira ndikukuwa m'Chichewa. Ndinaonanso anyamata osamalira mahatchi, ambiri a iwo Amwenye, akuperekeza mahatchi mpaka pampata, kuwasiya, n'kubwerera kuseri kwa chipupa ndi zidebe zawo. Ndinawaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Sindinawauze abambo pa foni. Nkhani yoteroyo siyokambira pa khadi lotsala pang'ono kutha. Ntchito inali itatheratu, mapepala anga okhalira m'dzikomo analinso kumapeto, ndiye ndinalongedza. Zaka zonse zija zinakwana m'masutikesi awiri.

Ndinapeza m'mashopu a ku Harare mulibe kanthu, ndipo achibale amene anabwera kudzandilonjera ankayang'ana masutikesi kuposa nkhope yanga. Abambo ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya Esinati, atakhala pampando padzuwa. Nditagwada n'kuwapatsa moni, anatambasula dzanja kumbali imene kunalibe munthu. Maso awo onse awiri anali oyera ndi ng'ala. Magalasi aja anali m'thumba la malaya, atsopanotsopano.

"Waona?" anafunsa, asanafunse n'komwe za ulendo.

"Ndaona, ababa."

Ndinawafotokozera zonse, za pokhota paja, za madothi, za hatchi yofiirira ija. Ankamvetsera kukamwa kuli yasa ngati mwana. Anandifunsa ngati miyendo yonse inayi imachokadi pansi nthawi imodzi, ndiponso ngati wokwera amakhala pansi kapena amaimirira. Ndinadabwa.

"Nanga ku Harare ankathamanga mosiyana, ababa?"

"Ndingadziwe bwanji?" anatero. "Ife tinkafikitsa hatchi pampata, n'kubwerera kukhola kukatunga madzi oti idzamwe ikabwera. Kutsogolo kunali kwa olipira. Ndinkangomva pansi pakunjenjemera."

M'maso mwanga munabwera anyamata aja ndi zidebe zawo. Munthu anachoka ku Ntcheu kukaima kuseri kwa chipupa ku Harare, n'kubereka mwana woti akaime kunsi kwa mipando ku London. Mkwiyo umene unandigwira unalibe pofikira, poti wolakwa sindinkamuona. Ndinawauza kuti bwalo la ku Harare likadalipo, mahatchi ochepa akuthamangabe, ndipo ndiwatenga pa mpikisano wotsatira. Ndinati ndilipira pachipata cha kutsogolo, akakhale pamwamba penipeni.

Abambo anaseka pang'ono, n'kutembenuzira maso oyera aja kumene kunkachokera mawu anga.

"Ukandilipirire kuti ndikamvetsere? Kumva ndinamva kale, mwana wanga, zaka zonse zija, ulere. Ndalamayo um'patse Esinati agule ufa. Iwe ungoyambiranso pokhota paja."