Malo Amene Ndinkasungira Fakitale

Fakitale ya thonje m'tauni mwathu inatsekedwa ndidakali ndi mphamvu zanga. Ntchito yanga inali yosoka mabelo, ndipo mpaka lero zala zanga zili ndi zipsera za chisingano chija. Makina atachotsedwa, panatsala shedi yopanda zitseko ndi bwalo lalikulu pamtunda, pomwe madzi a Shire safika. Ana anga awiri aamuna, amene ndinkati adzalowa ntchito pamenepo, anapita kukasaka maganyu ku Joni. Bambo awo anali atatisiya kale. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi wailesi.

Pamapu a khonsolo bwalo lija linalembedwa kuti ndi malo a mafakitale. Ine ndinagwira pomwepo. Ndinkati malo akakhalapo, tsiku lina wina adzabwera ndi makina, kaya opuntha mpunga kaya oyenga mafuta a chitowe, ndipo ana anga adzabwerera kwawo. Koma malo ouma kwathu kuno aliyense amawamezera malovu. Anthu ankafuna kuti bwalolo lidulidwe mapuloti, amangepo nyumba za lendi ndi magolosale.

Misonkhano yokambirana za malo sindinkajomba. Ndinkaimirira n'kunena kuti golosale imalemba munthu mmodzi, komanso munthuyo amakhala mwana wa mwini wake, pomwe fakitale inkadyetsa tauni yonse. Pakamwa ndili napo, sindibisa. Anzanga akufakitale tinayamba limodzi, kenako anatha mmodzimmodzi. Ena anamwalira, ena nawonso anasirira puloti. Kumsika ankandifunsa akuseka, "Alonda a shedi, makina aja afika?" Ndinkawayankha zolasa, koma ndikafika kunyumba zinkandipweteka, ndipo panalibe woti ndimuuze.

Chaka china madzi anasefukira koopsa. Mlongo wanga, amene ankalima kudambo ku Nyachikadza, anabwera pa mwadiya, bwato la kwathu kuno, ndi banja lake. Iwo ndi mabanja ena anawaika m'matenti pabwalo lomwe lija. Patapita masabata mlongo wanga uja anabwera kwanga.

"Alongo, akuluakulu aja amakumverani. Kawauzeni timange pompano. Kudambo sitibwererako."

"Nkhabe," ndinakana m'Chisena cha amayi athu. "Matenti inde, njerwa ayi. Mukangowotcha uvuni umodzi, malo a fakitale apita."

Ananyamuka osatsanzika. Kuyambira tsikulo pakhomo panga sanapondenso. Mkazi wake yekha, mlamu wanga, ndiye ankabwera mozemba. Ankandibweretsera mlamba wowamba, n'kukhala pamkeka kundiseka kuti ndinakwatiwa ndi shedi. M'tauni monse munthu amene ankandichezera anali yekhayo.

Mlamu wanga uja anadwala kumatenti komweko, ndipo sanachedwe. Manda akwawo anali pansi pa madzi. Kumanda a m'tauni adzukulu atakumba, dzenje linadzaza madzi lisanafike m'chiuno. Anabwerako matope okhaokha, n'kunena kuti malo ouma atsala amodzi, kuseri kwa shedi, pansi pa mtengo wa bwemba pomwe tinkapumira masana.

Kwathu pomwe pagona munthu sipamangidwa. Mapu anganene zake, koma palibe angaike makina pafupi ndi mtumbira, ndipo manda akayamba sathera pa mmodzi. Aliyense pamaliropo ankadziwa zimenezi. Azimayi anasiya kuimba, maso onse ali pa ine. Mlongo wanga anabwera pomwe ndinakhala, nagwada.

"Alongo, apanso mukana?"

Ndinangodzuka n'kutsogola, chifukwa njira yopita pabwemba paja ndinkaidziwa kuposa onse. Bokosi litatsitsidwa ndinatapa dothi n'kuponya. Ndinalira mlamu wanga, ndinaliranso china chimene sindikanauza munthu.

Lero mitumbira yafika mpaka pakhoma la shedi. Mapu akunenabe kuti ndi malo a mafakitale, koma kumisonkhano ndinasiya kupita, ndipo kumsika anasiya kundiseka. Nthawi zina ndimalakalaka akanamandisekabe.

Mwana wanga wamkulu anaimba foni mwezi watha. "Amayi, za fakitale zija zili pati? Kuno zinthu zavuta."

Ndinamuuza kuti malo aja alipo, sanamangidwe. Sindinamuuze kuti ine ndasankha kale pogona panga, pafupi ndi mlamu wanga, ndipo kuti iye ndi mng'ono wake adzafikadi pabwalo lija, kudzandiponyera dothi.