Mchenga wa pansi pa botolo la amayi

Lachiwiri m'mamawa ndinatsikira kunyanja ku Camps Bay, kuno ku Kepi, ndi botolo la malita asanu. Kunali chifunga chokhachokha, moti mafunde ndimangowamva osawaona. Ngakhale mbalame zaphokoso za kunyanja zija zinali zii.

Botololo linali la amayi anga ku Ntcheu. Miyendo ikuwavuta, ndipo mneneri wina anawauza kuti azisamba madzi a m'nyanja yamchere ndi kumwako kapu imodzi m'mawa uliwonse. Inu amene muli kuno mukudziwa mwambo wake. Pansi pa botolo pamayenera kukhala mchenga, apo ayi kumudzi amati mwangosungunula mchere m'madzi a pampopi. Mabotolo awiri ndinatumiza kale kudzera kwa transipota, wotinyamulira katundu wopita kumudzi.

Ndikuwerama kuti nditape mchenga, ndinaona munthu ataima m'madzi mpaka m'mawondo, osagwedezeka. Nditayang'anitsitsa, anali mtsikana chabe, atagwira chipaipi chimene anachikhoma mumchenga. Anati ndi wa ku yunivesite.

"Sisi, madziwo ndi akumwa?" anandifunsa.

"Ndi a amayi anga."

Anazula chipaipi chija n'kundionetsa. Mchenga unali utasanjikana mizeremizere, wapansi uli wakuda bii. Anati akapita nawo ku labu amakafufuzamo mankhwala ena amene amapangika m'matumbo mwa munthu.

"Akapezeka, timadziwa kuti za m'chimbudzi zimafika pano. Nthawi zina timapezanso zotsalira za khofi ndi za mapiritsi amene anthu amamwa. Madzi amapita, sisi, koma mchenga umasunga."

Kenako analoza m'chifunga muja. Anati uko, pansi pa nyanja, kuli paipi yotulutsa zonyansa za m'nyumba za m'phirizi.

"Za mchenga uwu sindinadziwe, zotsatira zimachedwa. Koma ine amayi anga sindingawamwetse madziwa," anatero mtsikanayo.

Ndinachita mantha, sindikubisa. Ine ndimatsuka zimbudzi zinayi m'nyumba imodzi ya m'phiri lomwelo. Mapiritsi a madamu a m'nyumbamo ndimawaona pashelefu tsiku ndi tsiku. Ndikagujumula ndimati basi, zapita. Zapita kuti? Sindinadzifunsepo.

Kwathu chimbudzi chili ndi malo ake odziwika, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti sichikumbidwa pafupi ndi chitsime. Kuno zonse zimabisika pansi, pamwamba n'kutsala mchenga woyera ndi anthu ojambulitsa zithunzi. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nafenso tili ndi matenda athu: chochokera kutali timachiyesa mankhwala. Madzi a pachitsime cha kwathu timawathira mankhwala kapena kuwawiritsa, koma a ku Kepi timamwa titatsinzina, n'kuthokoza. Ndi mabotolo angati amene akwera basi chaka chino? Akumwa ndi ayani, si odwala omwe?

Madzi aja ndinawabwezera m'nyanja. Mchenga unakanirira pansi pa botolo, ndinatsukuluza katatu osachoka wonse.

Masana mng'ono wanga Esinati, amene amasamalira amayi, anandiimbira foni.

"Achemwali, amayi akuti botolo lachiwiri latha dzulo, mutumize lina. Mchenga wapansi uja sanataye ayi. Aumanga pakansalu, amagona nawo kumutu."



Ndiuzeni inu, abale anga. Amayi akusunga mchengawo chifukwa unachokera m'manja mwa mwana wawo. Ndiyambire pati powauza zimene mchengawo wasunga?